Kupenda Kaphunzitsidwe ka "Have" ndi Mneni Wake m'Chiganizo cha Chingerezi

Pa zonse zimene mwana wolankhula Chichewa aphunzira za mneni wa Chingerezi, palibe china chimene chimsautsa nthawi yaitali ngati kaumbidwe kaja kolumikiza mawu akuti "have" kapena "has" ndi maonekedwe achitatu a mneni, monga "have written", "has gone" ndi "have seen". Eni chilankhulo akatcha "present perfect", ndipo mabuku a galamala ya Chichewa, potsata dzina lomwelo, ali ndi mawu akuti nthawi yatsopano yathayi. Kaumbidweka pakokha sikavuta, pakuti mwana wakhama aloweza "go, went, gone" ndi anzake m'masabata owerengeka. Chovuta ndicho kudziwa pamene kayenera kulowa m'chiganizo ndi pamene kayenera kupatuka. Apa apunthwa ana a pulayimale, apunthwa a sekondale, apunthwanso ena amene adzaima kutsogolo kwa kalasi chaka cha mawa. Nkhani ino ipenda njira zimene mabuku ndi aphunzitsi afotokozera kaumbidweka, ndipo iyesa kuonetsa kuti zolakwa zambiri za ana zibadwa m'lamulo limene iwo apatsidwa, nalimvera mokhulupirika.

1. Kulemera kwa mlandu

Wina akhoza kufunsa kuti, nanga kamawu kamodzi kali ndi kanthu kanji ngati womvera atola tanthauzo? Yankho lake lioneka m'ziganizo ziwiri izi, zimene mnyamata wofuna ntchito angalembe m'kalata yake:

I have worked at the maize mill for two years.
I worked at the maize mill for two years.

Choyamba chiuza wolemba anthu ntchito kuti mnyamatayo akali pa chigayopo. Chachiwiri chimuuza kuti adachokapo, ndipo funso loyamba limene lidzabuka mumtima mwake ndi lakuti, adachokeranji? Chimodzimodzi ku chipatala. Womasulira akanena kuti "The child has had fever for three days", dokotala amva kuti thupi la mwana likali kutentha. Koma akanena kuti "The child had fever for three days", amva kuti kutenthako kudaleka. Popeza Chingerezi ndicho chilankhulo cha makalata a boma, cha mabwalo aakulu a milandu ndi cha mayeso ambiri m'Malawi, m'Zambia ndi m'Zimbabwe, kusiyana kwa ziganizo zotere kukhoza kupatsa munthu ntchito kapena kummana, kufulumizitsa chithandizo kapena kuchichedwetsa.

2. Dzina lochokera ku Chilatini

Mawu akuti "perfect" adachokera ku Chilatini, kumene atanthauza chinthu chotsirizidwa. Amene adayamba kulemba galamala ya Chingerezi anali anthu oleredwa ndi Chilatini, ndipo adabwereka zikombole za chilankhulo chimenecho naumbiramo njerwa za chawo. William Bullokar, amene kabuku kake ka mu 1586 kawerengedwa kuti ndiko galamala yoyamba ya Chingerezi, adatsata ndondomeko ya galamala ya Chilatini ya William Lily. Lindley Murray, m'buku lake la mu 1795 limene lidalamulira m'sukulu za ku England ndi ku America zaka zambiri, adasunga mayina a Chilatini a nthawi za mneni. Kunena chilungamo, Murray adaona kuti kaumbidweka, ngakhale kaloza ku zakale, kakhudzanso nthawi ino, ndipo adatero m'buku lakelo. Komatu mwana asunga dzina, kufotokoza kwake kuuluka. Mabuku amene adafalikira m'maiko olamulidwa ndi Britain, monga galamala ya mu 1898 ya J. C. Nesfield, amene adagwira ntchito ya maphunziro ku India, ndi ija ya Wren ndi Martin ya mu 1935, adapitiriza mayina omwewo. Ndipo mwa kufupikitsa kwa aphunzitsi, mbadwo ndi mbadwo, mudatuluka kalamulo kamene kalembedwa pa bolodi kufikira lero, kakuti "have" asonyeza ntchito imene yangotha kumene.

Kalamuloka kanena zinthu ziwiri: kuti ntchitoyo yatha, ndi kuti yatha posachedwa. Ziganizo zitatu izi, zonse Chingerezi chabwino, zikwanira kukayesa:

He left two minutes ago.
People have fished in this lake for hundreds of years.
I have never seen snow.

M'choyamba ntchito yatha, ndiponso yatha mphindi ziwiri zokha zapitazo, koma "have" aletsedwa ndithu. Palibe Mngerezi anganene kuti "He has left two minutes ago". M'chachiwiri ntchito idayamba kalekale ndipo siinathe, pakuti asodzi akali pa nyanja, koma "have" ndiye woyenera. M'chachitatu mulibe ntchito imene yatha, popeza wolankhulayo chipale chofewacho sanachione n'komwe. Lamulo limene ligwa pa ziganizo zitatu za tsiku ndi tsiku lili ngati chikomekome cha mkuyu: kunja liwala, m'kati muli nyerere.

3. Lamulo lachilendo lofanana ndi la kwawo

Pali chifukwa chimene kalamulo kaja kamera mizu msanga m'mutu wa mwana wa kuno. Chichewa chili ndi mneni wake wa mphatikiro -a-, monga "ndabwera", "wafika", "yagwa", ndipo mwana aliyense augwiritsa bwino asanaone khomo la sukulu. Mark Hanna Watkins, katswiri wa ku America amene adatulutsa galamala ya Chichewa mu 1937 atafunsa mawu kwa Hastings Kamuzu Banda pamene iye anali wophunzira ku Chicago, adagawa nthawi zakale za Chichewa pofunsa mafunso awiri: kodi chinthucho chachitika pafupi kapena kutali, ndipo kodi zotsatira zake zikalipo kapena zidafafanizika? Mneni wa -a- adauika pa zinthu zapafupi zimene zotsatira zake zikalipo. Ngakhale kalankhulidwe kasiyana pang'ono kuchokera dera lina kufika lina, mfundo yaikulu iima: Chichewa chisamala kuyandikira kwa nthawi.

Tsono mphunzitsi akalemba pa bolodi kuti "have" ndi wa ntchito yangotha kumene, wafotokoza -a- wa Chichewa bwino koposa m'mene wafotokozera "have" wa Chingerezi. Mwana, ngakhale osauzidwa, amangiriza ziwirizo pamodzi mumtima mwake, nati ndamva. Ndipo popeza kwawo anena kuti "Mvula yagwa usiku", "Alendo afika 10 koloko", "Agogo amwalira dzulo madzulo", iye alemba motere:

It has rained last night.
The visitors have arrived at ten o'clock.
My grandmother has died yesterday evening.

Zitatu zonsezi ndi zolakwika m'Chingerezi cha mabuku ndi cha mayeso, chimene chifuna "rained", "arrived" ndi "died" popanda "have". Koma palibe ndi chimodzi chomwe chimene chaswa lamulo la pa bolodi. Mvula yangogwa, alendo angofika, maliro akali m'nyumba. Inki yofiira imene igwera pa ziganizo zotere ilanga mwana chifukwa cha kumvera.

4. Nyengo yotseguka ndi nyengo yotsekeka

Kuti tanthauzo lenileni lioneke, kuyenera kuyang'ana kumene kaumbidweka kadachokera. M'Chingerezi chakale, cha zaka za m'mbuyo mwa 1066, "have" anali ndi tanthauzo lake lakuti kukhala nacho chinthu. Munthu amakhoza kunena mawu onga akuti "I have the basket mended", ndiko kuti, ndili ndi dengu losokedwa. Pang'ono ndi pang'ono mawu adasintha malo ndi kulemera, kufikira padatuluka "I have mended the basket". Aneni a kuyenda adayamba atsagana ndi "be", ndipo maumbidwe onga "is come" apezeka m'Baibulo la Chingerezi la mu 1611 ndi m'mabuku a m'zaka za m'ma 1800. Lero katsala ndi kachizindikiro chabe m'mawu akuti "is gone". Chifalansa ndi Chijeremani zidayenda njira yomweyo, koma zidapitirira, kotero kuti kaumbidwe kawo kofanana ndi aka kasanduka nthawi yakale wamba m'kalankhulidwe, ndipo kalandira mawu akuti dzulo popanda chovuta. Chingerezi chidaima pakati pa njira. "Have" wake akali mneni wa nthawi ino, ndipo chimene anena ndi chakuti wolankhulayo ali nacho chinthu chakalecho m'manja mwake tsopano. Otto Jespersen wa ku Denmark, m'buku lake la mu 1924 la nzeru za galamala, adauwerenga mneniwu ngati nthawi yatsopano yocheukira m'mbuyo, ndipo kufotokoza kumeneko kuposa dzina la Chilatini kutalitali.

Chotero funso limene Mngerezi ayankha posankha pakati pa "I have seen" ndi "I saw" si la kuyandikira ayi. Funso lake ndi ili: nyengo imene ndikunenayi ikali yotseguka kufikira pano, kapena yatsekeka? Mphunzitsi aliyense adziwa kaundula wa kalasi. Kaundula wa chigawo chino akali pa tebulo, ndipo mukhoza kulembedwanso kanthu mawa. Kaundula wa chaka chatha adatsekedwa, nasungidwa m'kabati ya mphunzitsi wamkulu. "Have" alemba m'kaundula wotseguka yekha. Mawu onga "today", "this year", "so far", "since Monday" ndi "in my life" ndiwo akaundula otseguka. Koma "yesterday", "last night", "at ten o'clock", "in 1964" ndi "two minutes ago" ndi otsekeka, ngakhale atatsekedwa mphindi yomwe ino. Taonani ziganizo izi:

Malawi became independent in 1964.
Malawi has been independent since 1964.

Zonse ziwiri zinena za tsiku limodzi la 6 July 1964. Koma "in" aloza chaka chimene chidapita ndi kutsekeka, pamene "since" atsegula khomo pa tsikulo nalisiya chitsegukire kufikira lero.

Lamulo lomweli lifotokoza zina zimene kalamulo ka pa bolodi kalephera. Munthu wolankhula dzuwa lisanafike pamutu anganene kuti "I have seen the headmaster this morning", pakuti m'mawa ukalipo. Koma madzulo a tsiku lomwelo adzati "I saw the headmaster this morning", pakuti m'mawawo watsekeka. Funso la "when" lifuna kuti munthu aloze nthawi yeniyeni m'mbuyo, ndipo n'chifukwa chake afunsa kuti "When did you arrive?" osati "When have you arrived?" Moyo wa munthu nawonso ndi kaundula. Za m'busa wamoyo nkotheka kunena kuti "He has studied in America". Koma za John Chilembwe, amene adapita ku America mu 1897, naphunzira ku Lynchburg m'dera la Virginia, nabwerera mu 1900, nafa mu 1915, Chingerezi chilola "He studied in America" pokha. Wophunzira amene alemba "has" pamenepa waukitsa wakufa osadziwa. Ndiponso owerenga nkhani pa wailesi ya Chingerezi kawirikawiri ayamba ndi "have" pouza anthu chimene chilipo tsopano, kenaka alowa m'nthawi yakale potchula tsiku ndi malo: "The bridge has collapsed. It fell on Tuesday night." Chiganizo choyamba chitsegula nkhani, chachiwiri chiiika pa tsiku lake.

Umboni wina wolimba ndi uwu. Katswiri wa ku Germany, Wolfgang Klein, adalemba mu 1992 za chozizwitsa chakuti chiletso cha mawu otsekeka chigwira "have" wa nthawi ino yekha. Ziganizo zonga "He must have come yesterday" ndi "She had left at ten o'clock" ndi Chingerezi chabwino, ngakhale zili ndi mneni wothandiza yemweyo ndi maonekedwe achitatu omwewo. Chimene chikana "yesterday" m'chiganizo chakuti "He has come yesterday" ndicho nthawi yatsopano imene ili mwa "has". Mneni anena kuti tsopano, muonjezi anena kuti dzulo, ndipo Chingerezi sichilola awiriwa kugona mphasa imodzi.

5. Mphambano zina zitatu

Kupatula pa mawu a nthawi yotsekeka, pali malo ena atatu pamene njira ya Chichewa ndi ya Chingerezi zisiyana, ndipo mphunzitsi ayenera kuwadziwa monga mlenje adziwa mphambano za m'thengo.

Yoyamba ndi ya aneni a mkhalidwe. Chichewa chiti "ndatopa", "wakwiya", "nkhuni zauma", "wavala malaya oyera", "wakhala pa mpando". Onsewa ali ndi -a-, koma anena za m'mene chinthu chilili tsopano. Chingerezi pamenepa chigwiritsa "be": "I am tired", "He is angry", "The firewood is dry", "He is wearing a white shirt", "She is sitting on a chair". Mwana amene wamanga -a- ndi "have" alemba "I have tired" ndi "He has worn a white shirt", ndipo chachiwirichi chipatsa Mngerezi ganizo lakuti malayawo adavalidwapo tsiku lina.

Yachiwiri ndi ya chinthu chimene chidayamba kale ndipo chikupitirira. Wodwala ati "Ndikudwala kuyambira Lolemba", ndipo mayi pa mzere wa chigayo ati "Ndikudikira kuyambira m'mawa". Chichewa chigwiritsa nthawi yatsopano, monganso Chifalansa ndi Chijeremani zichitira, kotero palibe chifukwa choyesera kuti mwana amene alemba "I am ill since Monday" ali wopepera. Iye watsata njira imene zilankhulo zambiri zitsata. Chingerezi ndicho chili ndi mwambo wakewake wakuti nyengo yoyambira kale ndi kufika pano ifuna "I have been ill since Monday" ndi "I have been waiting since morning". Apa ndipo kalamulo ka ntchito yotha kasokeretsa koposa, pakuti kauza mwana kuti apewe "have" pamalo pamene afunika kwambiri.

Yachitatu ndi ya zimene munthu adaonapo m'moyo wake. Chichewa chiti "Ndidapitako ku Zomba", "Kodi udadyapo chambo?", "Sindinakwerepo sitima". Mneni ndi wa nthawi yakale, ndipo ntchito yaikulu igwiridwa ndi timawu -po ndi -ko. Chingerezi, powerenga moyo wa munthu ngati nyengo yotseguka, chiti "I have been to Zomba", "Have you ever eaten chambo?", "I have never travelled by train". M'mphambano yomweyi muli kusiyana kwa "gone" ndi "been", kumene mabuku achitira masamba ambiri pomwe Chichewa chikutha ndi mawu awiri: "She has gone to Lilongwe" ndiko kuti wapita, ndipo kuno kulibe, "She has been to Lilongwe" ndiko kuti adafikako, ndipo adabwerako.

6. Njira ya matebulo ndi mawu olozera

Si onse olemba mabuku amene adakhutira ndi mayina a Chilatini. Harold Palmer, amene adatulutsa kabuku ka matebulo osinthira mawu mu 1916 natsogolera bungwe lofufuza za kaphunzitsidwe ka Chingerezi ku Tokyo kuyambira mu 1923, adaphunzitsa kuti mlendo agwira chilankhulo mwa kuzolowera maumbidwe a ziganizo, osati mwa kuloweza matanthauzo a mayina. Mnzake A. S. Hornby adapitiriza ntchitoyo m'dikishonale yake imene idasindikizidwa ku Tokyo mu 1942 ndi ku Oxford mu 1948, ndiponso m'buku lake la mu 1954 la maumbidwe ndi kagwiritsidwe ka Chingerezi. Anthu awiriwa ayenera ulemu waukulu. Adachotsa mwana pa ntchito yong'amba ziganizo za ena namuika pa ntchito yomanga zake, ndipo tebulo lokonzedwa bwino lipatsa kalasi ziganizo zolondola zambirimbiri m'mphindi zochepa.

Koma tebulo lili ndi chilema chimodzi pa nkhani ino. Liphunzitsa lilime kuumba, koma siliphunzitsa mtima kusankha. M'tebulo la "have" mzere uliwonse utulutsa "have", ndipo mwana akhoza kuyimba ziganizo makumi asanu zopanda banga asanafunsidwe ndi kamodzi komwe kuti asankhe pakati pa "I have lost" ndi "I lost". Pamene vuto lonse lagona pa kusankha, chizolowezi chopanda kusankha chili ngati kuphunzira kupalasa bwato pamtunda.

Pofuna kukonza chilemachi, mabuku ambiri okonzekeretsa ana mayeso apereka mndandanda wa mawu olozera, monga "just", "already", "yet", "ever", "since" ndi "for", nauza mwana kuti akawaona aike "have". Njirayi ithandiza pa mafunso odzaza mipata, koma ili ndi msampha. Mawu akuti "for" ayenda ndi nyengo yotseguka ndi yotsekeka yomwe, monga zaonekera m'kalata ya mnyamata wa pa chigayo uja. Ndiponso ziganizo zambiri za m'moyo zilibe mawu olozera konse. Mwana wozolowera kusaka chizindikiro asowa chogwira akafika pa chimangirizo, pamene iye mwini ayenera kudziwa chimene afuna kunena.

Ena atsata Bernard Comrie, amene m'buku lake la mu 1976 adagawa ntchito za kaumbidweka panayi: zotsatira zimene zikalipo, zimene munthu adaonapo, zopitirira kufikira tsopano, ndi zangochitika. Kugawa kumeneku n'koona, ndipo wophunzira uphunzitsi ayenera kukudziwa. Koma kuperekedwa kwa mwana ngati malamulo anayi osiyana, kumlemetsa ndi akatundu anayi popanda chingwe chowamangira pamodzi. Chingwecho ndicho nyengo yotseguka.

Cholakwa chachikulu pa njira zonsezi ndi mwambo woletsa chilankhulo cha mwana m'phunziro la Chingerezi. Mwambowu udali ndi chifukwa chake, pakuti kumasulira liwu ndi liwu kuchedwetsa lilime. Komatu kuletsa Chichewa pakamwa sikuchichotsa mumtima. Mwana afananitsabe mwakachetechete, ndipo popeza palibe womuongolera, afananitsa molakwika. Robert Lado adalimbikitsa mu 1957 kuti mphunzitsi aziika chilankhulo cha wophunzira pambali pa chimene aphunzira, kuti adziwiretu pamene mwendo udzapunthwe. Akatswiri a pambuyo pake adaonetsa kuti si zolakwa zonse zimene zichokera ku chilankhulo cha kwawo, ndipo adanena zoona. Koma pa "have" ndi -a- kufananitsako kuloza mabala enieni amene aoneka m'makope a ana.

7. Malire a lamulo la nyengo yotseguka

Sikuyenera kugwetsa fano limodzi ndi kuimika lina. Lamulo la nyengo yotseguka lili ndi malire ake. Pamene chiganizo chilibe mawu a nthawi, wolankhula ali ndi ufulu wosankha monga aonera chinthucho. "I have lost my key" ndi mawu a munthu woima pakhomo wopanda cholowera. "I lost my key" ndi mawu a munthu wosimba zimene zidamgwera, ndipo kapena kiyiyo adaipeza. Zonse ziwiri n'zolondola, ndipo mphunzitsi amene adula chimodzi chifukwa chakuti buku la mayankho lili ndi chinacho aphunzitsa bodza.

Ndiponso eni chilankhulo sagwirizana pa zonse. Anthu a ku America kawirikawiri anena "I already ate" ndi "Did you eat yet?" pamene a ku England akonda "I have already eaten" ndi "Have you eaten yet?" Ana a lero amva Chingerezi cha mitundu yonse iwiri pa wailesi, pa kanema ndi pa foni, ndipo ndi bwino kuwauza poyera kuti kusiyanaku kulipo. Koma chofunika kuchisunga ndi ichi: kusiyanako kuloza mbali imodzi. Pali eni chilankhulo amene asiya "have" pamene ena amuika, koma Chingerezi cholembedwa cha mbali zonse ziwiri za nyanja chikana "has come yesterday". Chotero chiletso cha nyengo yotsekeka ndicho mwala wokhazikika, ndipo zinazo ndi mchenga woyenda ndi madzi.

8. Zimene mphunzitsi angachite

Poyamba, kalamulo ka ntchito yangotha kumene kafafanizidwe pa bolodi, ndipo dzina la "perfect" kapena "yathayi" liperekedwe ngati dzina chabe, monga mwana wotchedwa Mavuto sayenera kukhala wamavuto.

Kachiwiri, "have" asaphunzitsidwe yekha. Kuyambira tsiku loyamba aonekere pambali pa nthawi yakale, ziganizo ziwiriziwiri, ndipo funso la mphunzitsi likhale lakuti, kaundula uyu ndi wotseguka kapena wotsekeka? Zitsanzo zichokere m'kalasi momwemo: masamba amene ana awerenga sabata ino ndi amene adawerenga sabata yatha, masiku amene mvula yagwa mwezi uno ndi amene idagwa mwezi watha.

Kachitatu, Chichewa chipatsidwe mphindi zake zochepa. Mphunzitsi alembe "Mvula yagwa usiku", "Ndatopa", "Ndikudikira kuyambira m'mawa" ndi "Ndidapitako ku Zomba", ndipo ana aone okha kuti ziwiri zoyamba zili ndi -a- koma sizifuna "have", pamene ziwiri zotsiriza zilibe -a- koma zifuna "have". Ziganizo zinayi zimenezi zimasula mfundo imene kalamulo kaja kadamanga.

Kachinayi, khutu lisaiwalike. M'kulankhula, "have" ndi "has" afupika kukhala "I've" ndi "he's", ndipo kwa mwana amene maphatikizo pafupifupi onse a chilankhulo chake athera ndi lembo la liwu, timawu totere tizimirira. Komanso "he's" akhoza kuimira "he is" kapena "he has". Mwana amene samva kusiyana kwa "I've walked" ndi "I walked" sangathe kutola mwambo wake kwa olankhula bwino, ndipo afunika kumvetsera ziwirizo mobwerezabwereza, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pomaliza, pochonga makope mphunzitsi asiyanitse cholakwa cha kaumbidwe, monga "has went", ndi cholakwa cha kusankha, monga "has died yesterday". Choyamba chichira ndi kuloweza. Chachiwiri chifuna kuti mwana afunsidwe chimene anafuna kunena ndi nyengo imene anali nayo mumtima. Olemba mabuku a Chingerezi a sukulu za kuno, ndi makoleji amene akonza aphunzitsi, akadachita bwino kupereka tsamba limodzi ku kufananitsa kumeneku m'buku la mphunzitsi, pakuti amene aphunzitsa "have" kwa mwana wolankhula Chichewa ayenera kuyamba wadziwa bwino -a- amene mwanayo wabwera naye kuchokera kwawo.